Mwana akamakagonekedwa m'chipatala: yankho kwa mayi wa ku Chadiza

Mayi wina wa ku Chadiza wandilembera imelo. Akuti mwana wawo wamwamuna wa zaka 6 ali ndi chotupa m'mphechepeche chimene chimatuluka akamalira kapena kutsokomola. Adokotala anena kuti ndi hernia, kutanthauza kuti thumbo limatulukira pamalo ofooka a khoma la mimba, ndipo awapatsa tsiku loti mwanayo akagonekedwe ku Chipata Central Hospital kukapangidwa opaleshoni. Akufunsa kuti anyamule chiyani, mwanayo amuuze zotani, nanga ndalama zikawathera ali komweko agwira mtengo wanji.

Amayi, ndiyamba ndi zomuuza mwana, chifukwa ndi pamene ambiri timaphonya. Mumuuze zoona. Musamunamize kuti mukupita ku tauni kukagula nsapato, iye n'kungozindikira ali pabedi asisita atagwira dzanja lake. Mwana wa zaka 6 saiwala, ndipo mukamunamiza lero, mawa mukadzati "imwa mankhwalawa" adzakuyang'anani ndi diso lina. Kukatsala masiku awiri kapena atatu, khalani naye pansi mumuuze mwachidule: tikupita ku chipatala kuti akakonze chotupa chija, adzakupatsa mankhwala ogonetsa, sudzamva kanthu pamene akukonza, ukadzuka padzawawa pang'ono koma adzakupatsa mankhwala, ndipo ine ndidzakhala pompo. Akafunsa ngati adzamubaya, muvomere. Muuzeni kuti adzamuika kapulasitiki kakang'ono pamsana pa dzanja, n'kumata ndi pulasitala, kuti dilipi ndi mankhwala zizidzera pamenepo. Ana ambiri amalira pa kubayako, koma pakapita kanthawi mumawaona akuonetsa anzawo a pabedi lina dzanja lomatidwalo monyadira.

Ndipo chonde, kuyambira lero pakhomo panu pasamveke mawu aja oti "ukapanda kukhala chete ndikuitanira adokotala akubaye jekeseni." Auzeni ambuye ake ndi achemwali ake omwe. Timaopseza ana ndi chipatala chaka chonse, kenako tikudabwa akamakana kulowa pakhomo la wodi.

Chachiwiri ndi njala. Asisita adzakuuzani nthawi yomusiyitsa kudya. Kawirikawiri chakudya ndi mkaka amasiya maola 6 opaleshoni isanachitike, khanda loyamwa limasiya bere maola 4, ndipo madzi akumwa okha ndiwo amaloledwa mpaka kutatsala maola awiri. Koma inu tsatirani zimene akuuzeni tsikulo. Apa ndi pamene mtima wa mayi umayesedwa. Kukucha, mwana akulira kuti akufuna phala, mnzake wa pabedi loyandikana akudya chitumbuwa, ndipo dzina lake likuchedwa kuitanidwa chifukwa kwabwera matenda adzidzidzi. Musamupatse ngakhale kabisiketi mobisa. Munthu akagonetsedwa, za m'mimba zikhoza kubwerera n'kulowa m'mapapo, ndipo zimenezo zimapha. Akadya mwangozi, nenani. Kuli bwino akusunthireni tsiku. Nenaninso ngati wayamba chifuwa kapena kutentha thupi, ngati pali mankhwala amene anamutulutsapo zidzolo, ndiponso ngati mwamumwetsapo mankhwala azitsamba. Ambiri amabisa zimenezi poopa kukalipiridwa, pamene wogonetsa mwanayo akufunika kuzidziwa.

Akatuluka ku fiyeta, chipinda chopangira opaleshoni, akhoza kulira mosokonezeka, kusanza, kapena kugona nthawi yaitali. Zimachitika. Musamumwetse kanthu asisita asanalole.

Za katundu sizovuta. Kalata yotumizira ya ku chipatala chanu, khadi la mwana la ku sikelo ngati likadalipo, khadi la kuchipatala la SmartCare, chitupa chanu cha NRC, ndi nambala ya inshuwalansi ya zaumoyo ya NHIMA ngati muli nayo, zonse muike m'pepala la pulasitiki limodzi. Zitenje zitatu kapena zinayi, bulangete, chifukwa mu June ndi July kuno usiku kumazizira kwambiri, zovala za mwana zotakasuka zosathina pamimba, beseni, sopo, kapu, mbale, sipuni, botolo la madzi, tchaja ya foni. Muonjezere chinthu chimodzi chimene iye amachikonda, kaya ndi galimoto yake yamawaya, kaya kope ndi pensulo. Ndalama zambiri zikhale mu foni, pa Airtel Money kapena MTN, osati pa mfundo ya chitenje. Mu wodi mumalowa anthu ambiri nthawi yoona odwala.

Tsono nkhani imene ndikufuna muiganizire kwambiri ndi ya inu eni, wokhala pambali pa bedi, amene kuno timati bedisaida. Mwana ali ndi adokotala ndi manesi. Inu mulibe. Mudzagona mokhala pampando kapena pachitenje pansi, mudzamusambitsa, kumuperekeza ku chimbudzi, kuyang'ana ngati dilipi yaima, ndipo adokotala akamazungulira m'mawa muyenera kukhala maso kuti mumve zimene akunena. Munthu mmodzi sangathe zonsezi masiku angapo osapuma. Musananyamuke ku Chadiza, panganani pabanja: ndani akutsala ndi ana enawo, ndani adzabwera kudzakulandirani ngakhale masana okha kuti mukasambe ndi kutsinzinako, ndi wachibale uti wa ku Kapata kapena ku Mchini mu Chipata momwemo amene angamabweretse nsima yotentha. Bambo a mwana asangokhala otumiza ndalama. Pepala lovomereza opaleshoni limasainidwa ndi kholo kapena womulera, ndipo ndi bwino nonse mumve zimene adokotala akufotokoza musanasaine. Funsani mpaka mumvetse, m'Chinyanja, popanda manyazi. Mafunso alembeni papepala usiku, chifukwa gulu la adokotala likaima pabedi mutu umauma.

Ngati inu kapena bambo muli pa ntchito yolembedwa, lamulo la Employment Code Act la 2019 limapatsa wantchito amene wakwanitsa miyezi 6 masiku ofika 7 pachaka, olipidwa, oti akadwazike mwana, mkazi kapena mwamuna wake. Abwana akhoza kufuna kalata ya adokotala, ndiye mukaipemphe musanatuluke mu wodi.

Pa za ndalama: NHIMA, inshuwalansi ya zaumoyo imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2018, imathandiza membala pamodzi ndi a pabanja lake amene analembetsedwa. Mawu ofunika ndi amenewo, analembetsedwa. Makolo ena amadulidwa ndalama pa malipiro mwezi ndi mwezi koma dzina la mwana sanalipereke. Kafunseni tsiku lisanafike. Amene sali pa ntchito yolembedwa nawonso akhoza kulowa n'kumalipira okha. Ngati zinthu zathina zenizeni, funsani asisita akulozereni kwa social worker wa pachipatala, ndiponso pitani ku ofesi ya Social Welfare ya m'boma lanu musananyamuke. Sindingakulonjezeni kuti adzakupatsani chakuti, koma nkhani za thiransipoti ndi mabanja ovutika zimadzera kwa iwo, ndipo sangakudziweni mutakhala chete. Kumpingo nakonso nenani msanga, kaya ndi ku mphakati, ku Chigwirizano kapena kwa amayi a Dorika. Mutu umodzi susenza denga, ndipo anthu amathandiza bwino akadziwa tsiku lenileni kusiyana ndi kumva mwana ali kale pabedi.

Kwa owerenga ena amene ana awo atumizidwa ku Lusaka, kaya ku chipatala cha ana cha University Teaching Hospital (UTH) kapena ku Beit CURE kumene amakonza mapazi opindika ndi milomo yong'ambika kwaulere: ndi ulendo wopitirira makilomita 550 pa Great East Road, ndiye sungani padera ndalama yobwerera ndi ina ya ulendo wa review (wokaonetsanso mwana kwa adokotala), osaikhudza.

Potuluka, amayi, musachoke musanamve bwino kamwedwe ka mankhwala, kasamalidwe ka bala, ndi tsiku lobwereranso. Bala likafiira, kutupa, kutuluka mafinya, kapena mwana akatentha thupi, pitani ku chipatala chapafupi tsiku lomwelo.

Ndipo pakali pano, pamene mukudikira tsiku lanulo: chotupacho chikauma gwa, chikakana kubwerera mkati, mwana akamalira ndi ululu kapena kusanza, musayembekeze deti ya papepala. Zikutanthauza kuti thumbo likhoza kukhala litapanikizika. Musamupatse chakudya, musachikanikize ndi mphamvu, thamangirani ku chipatala cha Chadiza ngakhale pakati pa usiku.