Mustang yoyenda kapena Chevelle ya m'makatoni: yankho kwa bambo a ku Indiana

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo ena amene akukhala ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America, ndipo anandilola kuti ndiwayankhe poyera malinga ndisatchule dzina lawo. Mwana wawo wamkazi ali ndi zaka 15, ndipo chiyambire pamene anapita naye kuchionetsero cha magalimoto akale chaka chatha, sakusiya kukamba za injini za V8. Bambowa asunga ndalama zokwana madola 15,000 ndipo apeza magalimoto awiri. Yoyamba ndi Ford Mustang ya 1967 ya mtundu wa coupe, ya injini ya 289 (nambalayi imasonyeza kukula kwa injini), imene imalira ndi kuyenda koma penti yake inasuluka ndipo mipando inang'ambika. Yachiwiri ndi Chevrolet Chevelle ya 1969 imene mwini wake akuti ndi SS 396 (mtundu wamphamvu wa Chevelle), yotsikirapo mtengo, koma ilibe injini ndipo zipangizo zake zambiri zili m'makatoni. Akufunsa kuti agule iti, ayambire pati, komanso ngati mwanayo angadzamayende nayo kusukulu akadzatenga laisensi.

Bambo, gulani Mustang ija ngati pansi pake sipanadyeke ndi dzimbiri, ndipo mukaigula musaiphwasule yonse. Ndikudziwa kuti mtima wanu uli pa Chevelle, chifukwa munaifotokoza m'ndime zitatu pamene Mustang munangoipatsa mizere iwiri.

Pa nkhani ya dzina, anthu okonda mikangano adzakuuzani kuti Mustang si muscle car yeniyeni, ndipo sanama kwenikweni. Dzinali limayenera galimoto yapakatikati imene anaiika injini yaikulu, monga momwe John DeLorean ndi anzake a ku Pontiac anachitira mu 1964 poika injini ya 389 mu Tempest n'kuitcha GTO. Chevelle SS 396 ili m'gulu limenelo, pamene Mustang, imene Ford inaionetsa koyamba pa 17 April 1964 ku New York pa mtengo wa madola 2,368, inamangidwa pa maziko a Falcon, galimoto yaing'ono ya Ford, ndipo inayambitsa gulu lakelake la magalimoto ocheperako lotchedwa pony car. Koma mbiri yomweyo ndi imene ikukomerani inu. Pofika mu March 1966 Ford inali itapanga kale Mustang zokwana miliyoni imodzi, ndipo chifukwa cha kuchuluka kumeneko pafupifupi chipangizo chilichonse cha galimotoyi chikupangidwabe lero, kuyambira kalabala ka pachitseko mpaka malata a pansi. Makampani monga National Parts Depot ndi CJ Pony Parts amatumiza zinthuzi pakhomo, ndipo mwana wa zaka 15 akhoza kuzifufuza yekha pa intaneti n'kukuuzani mtengo musanamalize kumwa tiyi.

Chevelle ija ili ndi vuto lina limene wogulitsa mwina sanakuuzeni. Kuyambira 1966 mpaka 1968 SS 396 inali ndi nambala yakeyake ya VIN (nambala yozindikiritsa galimoto), yoyamba ndi 138, koma mu 1969 inasanduka chinthu chongowonjezera pogula, kotero nambala ya VIN siisonyeza ngati galimotoyo inatuluka m'fakitale ili SS kapena ayi. Injini yoyambirira, imene ikanachitira umboni, palibe. Ngati palibenso mapepala a ku fakitale, ndiye kuti mukulipira mtengo wa zilembo ziwiri zimene aliyense angagule n'kumata pa Chevelle wamba yotchedwa Malibu. Pa Mustang zinthu n'zosavuta: chilembo chachisanu cha VIN chimatchula injini. T ndi ya masilinda 6, C ndi 289 ya kabuleta ya makomo awiri, A ndi 289 ya makomo anayi, K ndi 289 yamphamvu kwambiri ija, ndipo S ndi 390. Nambalayi pa galimoto ya 1967 inadindidwa pa lata la m'mbali mwa injini, kumanzere, ndipo iyenera kufanana ndi ya pa chikalata cha umwini. Ngati sizikufanana, tsanzikani mwaulemu n'kubwerera kwanu.

Komabe chifukwa changa chachikulu si mapepala ayi, koma zaka za mwana wanu. Ali ndi zaka 15, ndipo pakatha zaka zitatu adzakhala akulongeza katundu wopita kukoleji. M'zaka zitatuzo muli sukulu, masewera, anzake, mwinanso ganyu ya kumapeto kwa sabata, kotero nthawi yeniyeni imene mudzakhale naye mu galaja ndi Loweruka masana, ndipo si Loweruka lililonse. Galimoto ya m'makatoni imafuna miyezi yambiri ya kupala dzimbiri ndi kuwotcherera isanayambe kuoneka ngati galimoto, ndipo ntchito zimenezo ndi zotopetsa, zaphokoso, zosaonetsa kusintha msanga, komanso zambiri mwa izo simungamupatse mwana. Munthu wamkulu angapirire chaka chathunthu poganizira za tsiku lomaliza, koma mwana amafuna kuti chimene wagwira masana chilire madzulo.

Izi ndikunena chifukwa zinandichitikira. Ine ndi mwana wanga wamwamuna tinagula Mustang ya 1966 iye ali ndi zaka 14, ndipo tinabwera nayo kunyumba ikuyenda yokha. M'mwezi woyamba, chifukwa cha changu changa, tinachotsa injini, mipando, magalasi ndi mawaya onse, ndipo zinali zosangalatsa kwambiri, pakuti kuphwasula kumafulumira ndipo kumaoneka ngati ntchito ikuyenda. Mabawuti tinkangowaponya m'chitini chimodzi cha khofi, tikuuzana kuti tidzakumbukira. Kenako tinapeza kuti malata a pansi pa mapazi anali oboola, ndalama zinatha, nyengo yozizira inafika, ndipo galimoto inakhala pa zitsulo zaka zoposa ziwiri. Mnyamatayo sanadandaule, anangosiya kubwera mu galaja. Tsiku limene injini inaliranso iye anali atapita kale kukoleji, ndipo anaimvera pa foni. Chitini chija ndidakali nacho, ndipo muli mabawuti asanu ndi awiri amene mpaka lero sindidziwa kwawo.

Tsono pokaona Mustang ija, penti musaiwerengere. Yosuluka ndi yabwino kuposa yonyezimira, chifukwa siibisa kanthu. Chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere, ndipo kwanuko, kumene amathira mchere m'misewu nthawi ya chipale chofewa, nyerere zake ndi dzimbiri. Mustang ilibe chasisi chapadera ngati Chevelle, thupi lake lomwelo ndilo limanyamula zonse, kotero dzimbiri la pansi si nkhani ya maonekedwe chabe. Lowani pansi ndi tochi ndi sikuludiraiva, mubaye njanji za kutsogolo ndi za kumbuyo, makamaka pamene masipuling'i a kumbuyo amamangidwa, ndipo muone ngati nsanja za mashoko m'mbali mwa injini zilibe ming'alu. Yendetsani maginito m'munsi mwa zitseko ndi kuzungulira matayala a kumbuyo. Pamene sakumata pali phala lomatira, osati chitsulo.

Malo oopsa kwambiri saoneka ndi maso. Pakati pa boneti ndi galasi lakutsogolo pali timipata tolowera mpweya, ndipo pansi pake pali bokosi lachitsulo limene m'kati mwake simunatetezedwe bwino ku fakitale. Masamba amalowa, amatseka potulukira madzi, ndipo chitsulo chimaola kuchokera m'kati. Pemphani mwini galimoto kuti muthire ndowa ya madzi pa timipatato, wina ali m'kati wayang'ana pansi pa dashibodi ndi tochi. Madzi akadontha pa kapeti, dziwani kuti kukonza kwake kumafuna kuchotsa galasi ndi mamadigadi, kuboola malo owotcherera ochuluka kwambiri, n'kuwotchereranso, ndipo ntchito imeneyo yokha ikhoza kudya gawo lalikulu la ndalama zanu. Wogulitsa akakana kuti muthire madzi, wakuyankhani kale.

Mukaigula, lamulo la mu galaja likhale lakuti galimoto isakhale yosayenda kupitirira masabata atatu kapena anayi. Gwirani chinthu chimodzi, chimalizeni, muyende nayo mpaka kogula ayisikilimu, kenako muyambe china. Yambani ndi mabuleki, chifukwa ndi amene amateteza moyo komanso ndi ntchito imene munthu mmodzi sangaigwire bwino yekha. Pochotsa mpweya m'mapaipi, mwana amakhala pa mpando wa dalaivala, inu mumagona pansi ndi sipanala pa tayala la kumbuyo kumanja, limene lili kutali kwambiri ndi silinda yaikulu. Mumati "ponda", iye amaponda katatu n'kugwira, mumatsegula kabawuti, mafuta akuda ndi thovu zimatsikira m'botolo, phazi lake limamira mpaka pansi, mumatseka n'kunena kuti "taya". Mukabwereza kangapo pa tayala lililonse, iye ndi amene adzayambe kumva kuti chopondera chalimba, inu musanadziwe, ndipo adzakuuzani ndi mawu amene simunawamvepo kwa iye. Sabata yotsatira musinthane malo. Fumbi la m'mabuleki akale musaliuzire ndi mpweya, chifukwa nsapato zakale za mabuleki zinkakhala ndi asibesitosi; linyowetseni n'kulipukuta. Ndipo pasakhale munthu wolowa pansi pa galimoto imene yakhala pa jeke yokha popanda zitsulo zochirikiza.

Pambuyo pa mabuleki pabwere mapaipi a petulo, pakuti labala wakale sagwirizana ndi petulo wa masiku ano wosakaniza ndi ethanol, kenako matayala ndi redieta. Pa tayala, manambala anayi omaliza a chizindikiro cha DOT, cholembedwa m'mbali mwake, amatchula sabata ndi chaka chimene linapangidwa, ndipo tayala la zaka khumi ndi lotha ngakhale mizere yake ikuoneka yatsopano. Posintha oyilo sankhani wokhala ndi zinki wokwanira, chifukwa kamushafuti ya injini zakalezi imadyeka msanga ndi oyilo wamba wa magalimoto atsopano.

Mapulagi ndi disitiribyuta mumusiyire iye. Injini ya 289 imawomba motsatana chonchi: 1-5-4-2-6-3-7-8, ndipo mwana akalemba manambalawa pa khoma n'kulumikiza yekha mawaya asanu ndi atatu, amamvetsa m'maola awiri zimene buku likanamuphunzitsa mwezi wathunthu. Akasokoneza awiri, injini idzatsokomola ndi kuphulitsa m'kabuleta, ndipo inu mudzaona cholakwikacho msanga. Manja anu akhale m'thumba. Ichi ndi chinthu chovuta kwambiri pa ntchito yonseyi kwa ife makolo, makamaka ife amene tinakula tikungopatsira akuluakulu sipanala osaloledwa kukhudza kanthu. Mwana amene ntchito yake ndi kugwira tochi basi amatopa pa Loweruka lachitatu. Mupatseninso udindo wojambula chinthu chilichonse pa foni chisanachotsedwe, kuika mabawuti m'timatumba tolembedwa, ndi kusunga buku la ndalama, kuti akafuna marimu okongola aziona yekha kuti redieta ikudikira.

M'nyengo yozizira, pamene galimoto siyenera kutuluka pa msewu wa mchere, gwirani za m'kati: nsalu za mipando, kapeti, mawaya a dashibodi. Penti ibwere kumapeto, ndipo ipakidwe ndi odziwa, chifukwa penti ya makono ya magawo awiri ili ndi mankhwala owononga mapapo amene chophimba pakamwa wamba sichitchinga. Ngati ndalama sizifika, galimoto yosuluka imayenda chimodzimodzi.

Funso lanu lomaliza ndi limene ndikuyankha mosanyengerera: ayi, isakhale galimoto yake ya tsiku ndi tsiku. Mustang ya 1967 ili ndi ubwino umodzi pa ya 1966, wakuti mabuleki ake ali m'magawo awiri, kotero paipi imodzi ikaphulika matayala awiri amagwirabe. Kupatula apo, ilibe zikwama za mpweya, ilibe ABS (makina oletsa matayala kugwira gwa poponda mabuleki), malamba ake ndi a m'chiuno okha pokhapokha wina atawonjezera, ndipo chitsulo cha chiwongolero chimene chimafupika pa ngozi chinayamba mu 1968. Thanki ya petulo ndiyo imene imapanga pansi pa buti, ndipo pakati pa iyo ndi anthu pali mpando wa kumbuyo chabe. Anthu amakonda kunena kuti magalimoto akale anali achitsulo chenicheni, koma mu 2009 bungwe la Insurance Institute for Highway Safety linawombanitsa Chevrolet Bel Air ya 1959 ndi Malibu ya 2009, ndipo yakaleyo ndi imene inaphwanyika mpaka pa mpando wa dalaivala. Kanema wake ali pa YouTube. Muonereni limodzi musanakambirane nkhaniyi, kuti asaganize kuti mukungomumana. Ikani malamba a pa phewa, mabuleki a disiki kutsogolo ndi lata lotchinga kuseri kwa mpando wa kumbuyo, kenako aziiyendetsa Lamlungu masana kunja kukuwala, inu muli pambali, pamene kusukulu akupita ndi galimoto yatsopanoko, ngakhale ikhale yosasangalatsa. Imbiraninso a inshuwalansi musanalipire kalikonse, pakuti ambiri amene amateteza magalimoto akale ali ndi malamulo okhwima pa madalaivala achichepere.

Pa madola 15,000 aja, musapereke onse kwa wogulitsa. Siyani gawo limodzi mwa magawo atatu la mabuleki, matayala, zida ndi zinthu zimene mudzazipeze mutafika nayo kunyumba, chifukwa zidzapezeka ndithu. Ford ya 1967 ili ndi mwayi wina, wakuti mukhoza kuitanitsa Marti Report, chikalata chochokera m'kaundula wa fakitale chosonyeza mtundu wa penti, injini, giya ndi tsiku limene galimotoyo inapangidwa, ndipo mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi zimene chingakupulumutseni.

Loweruka likubwerali mupite naye mwanayo, atavala zovala zimene sizidandaulitsa zikada. Ndowa ya madzi mudzathire inu, iye akhale m'kati ndi tochi, ndipo mundilembere zimene adzaone pansi pa dashibodi.