Kodi Kamuzu anali Mmalawi weniweni?

FUNSO: Akonzi, agogo anga amalimbikira zoti Kamuzu amene anatsika ndege pa Chileka uja sanali wa ku Kasungu, ati anali munthu wina wa ku America, mwini dzinalo anafera konko. Umboni wawo ndi woti pamisonkhano ankangolankhula Chingerezi n'kumadalira womasulira. Zoona zimenezi? Wowerenga wanu, Mchinji.

YANKHO: Agogowo apatseni ulemu wawo koma apapa ndiye aphonya. Mphekesera imeneyi ndi yakalekale ndipo palibe anabweretsapo umboni wogwirika.

Tangoganizani, munthuyu anachoka kwawo ali kamnyamata cha m'ma 1915, wapansi, mpaka ku Southern Rhodesia kenako kumigodi ku Joni, 1925 n'kukwera sitima ya ku America, udokotala anaumaliza ku koleji ya Meharry konko mu 1937, kenako Edinburgh, Liverpool, London, Kumasi ku Ghana, kudzaponda kuno pa 6 Julaye 1958. Zaka zoposa 40 zimenezo, lilime lingalephere kulemera? Anzathu amangopita ku Joni zaka ziwiri basi pobwera ayamba kale kutafuna mawu.

Koma chimene ambiri sadziwa ndi ichi. Ali pa yunivesite ya Chicago, Kamuzu ndi amene ankauza katswiri wa zilankhulo Mark Hanna Watkins mawu ndi ziganizo za Chichewa, ndipo buku la galamala ya Chichewa linatulukadi mu 1937. Mu 1946 anathandizananso ndi Cullen Young, mmishonale wa ku Livingstonia, kukonza buku la miyambo yathu. Wachinyengo wa ku America akanazidziwira kuti zonsezi? Komanso anthu ngati Henry Chipembere ndi Kanyama Chiume amene anamuitana kuti adzathane ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, mu 1964 anakangana naye koopsa mpaka kuthawa m'dziko, akanakhala ndi chinsinsi chotere bwenzi atachiulula ali kunjako, analibe chifukwa chomubisira.

Za womasulirazo inde zinalipo, John Msonthi kenako John Tembo, ndipo akuti womasulira akaphonya mkuluyo ankamukonza pomwepo pagulu. Ine ndimaona kuti Chingerezi chija chinali mbali ya sitayilo yake, limodzi ndi suti, chipewa ndi litchowa, ankafuna azioneka wosiyana ndi wina aliyense. Ndi yemweyonso mu 1968 analamula kuti Chichewa chikhale chilankhulo cha dziko, zimene abale athu a Chitumbuka sanakondwe nazo poti chawo chinachotsedwa pa wailesi ya MBC mpaka 1994.