A Mondlane anamwalira kapena anaphedwa? Za mawu a pa 3 Febuluwale

Funso la sabata ino lafika pa WhatsApp kuchokera kwa aphunzitsi ena a ku Ulongwe, ku Angónia. Akuti akufuna ana a m'kalasi mwawo adzawerenge m'Chichewa zinthu zimene zinachitika pa 3 Febuluwale, tsiku lokumbukira ngwazi kuno ku Mozambique, pamodzi ndi anthu otchuka amene anabadwa kapena kutisiya pa tsikuli. Ndiye analemba kuti "a Eduardo Mondlane anamwalira pa 3 Febuluwale 1969" koma mnzawo wawauza kuti alakwitsa. Iwo akuti, "nanga si kumwalira ndiye mawu aulemu, mukufuna ndilembe kuti anafa ngati nkhuku?"

Aphunzitsi, zikomo kwambiri, funso limeneli landikomera zedi chifukwa nkhani yake ndimalimbana nayo chaka ndi chaka ikafika Febuluwale. Pa za ulemu simunaphonye ayi. Palibe munthu woleredwa bwino amene angafike pakhomo la eni nkunena kuti bambo anu afa, timati amwalira, atisiya, atsikira kulichete, kapena timangoti kwagwa zovuta basi wina aliyense wamva. Kufa timasiyira nkhuku, mbuzi, ngakhale foni ndi njinga yamoto timati yafa. Koma mnzanuyo akunena zoona ndithu, a Mondlane, mtsogoleri woyamba wa FRELIMO, gulu limene linamenyera ufulu wa Mozambique, sanadwale malungo nkugona pamphasa abale atawazungulira. Anali ku Dar es Salaam, analandira phukusi la buku, mkati mwake munali bomba, atatsegula linaphulika, ali ndi zaka 48 zokha. Anthu ambiri amaloza chala PIDE, apolisi achinsinsi a Apwitikizi. Munthu wotere m'Chichewa timati anaphedwa. Mukalemba kuti anamwalira, mwana wa zaka khumi amene akumva nkhaniyi koyamba adzangoyesa kuti anali madala amene nthawi yawo inakwana, ndiye kuti mawu anu aulemuwo abisa amene anatumiza phukusi uja.

Ine ndinakulira kwa agogo anga aakazi chakufupi ndi Domwe, ndipo nthawi ya nkhondo uthenga wa maliro umabwera pafupipafupi. Wobweretsa uthenga akati uje wamwalira, agogo samayamba ndi kulira, amayamba afunsa kaye, "wamwalira ndi matenda kapena amupha?" Kwa iwo zinali zinthu ziwiri zosiyana kutalitali ndipo amakwiya munthu akamazisakaniza. Kuno ku Tete tili ndi Wiriyamu, mudzi umene asilikali a Apwitikizi anapha anthu ambiri pa 16 Disembala 1972, kodi alipo amene angaime pagulu nkunena kuti anthu a ku Wiriyamu anamwalira? Anaphedwa, ndipo aliyense amatero mosachita chibwibwi.

Tsopano pa tsiku lomweli pali munthu wina amene mukuyenera kumuika pa pepala lanulo, makamaka poti ana anu ambiri ali ndi abale ku Dedza ndi ku Ntcheu. M'busa John Chilembwe wa mpingo wa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, ku Chiradzulu, anayamba kuukira atsamunda a Chingerezi pa 23 Januwale 1915, ndipo pa 3 Febuluwale chaka chomwecho anawomberedwa chakufupi ndi Mulanje akulowera ku Mozambique kuno. Amalawi amamukumbukira pa 15 Januwale ndiye ambiri sadziwa kuti tsiku limene anaphedwa ndi lomweli limene ife timakumbukira a Mondlane, pakati pake zaka 54. Ameneyunso anaphedwa, osati anamwalira. Mukafuna woti mulembe kuti anamwalira alipo, Johannes Gutenberg, amene anayambitsa makina osindikizira mabuku ku Ulaya, iye anamwalira ku Mainz pa 3 Febuluwale 1468, ameneyo lembani choncho palibe angakutsutseni.

Koma kufa musakunyoze kwambiri aphunzitsi, pano ndiye ndikufuna mumvetsetse. Mawu amenewa ukangowawonjezera kamchira ka -era amasanduka aulemu kuposa onse. Kufera. Kutchalitchi timaimba kuti Yesu anatifera, palibe amene amati anatimwalirira. Mayi amafera ana ake, msilikali amafera dziko. Tayesani kunena kuti a Mondlane anamwalirira dziko lawo, lilime likukana lokha. Kumwalira kumangomugwera munthu, koma kufera kumafuna chifukwa, ndiye pa tsiku la ngwazi mawu amene akuyenera kumveka kwambiri ndi omwe mumawathawawo, anafera dziko. Ine ndimakhulupirira kuti kumwalira poyamba kunali kunena za kuchoka nkuzimirira, monga munthu amene wapita kutali osaonekanso, ndipo makolo anawatenga mawuwo kuti aphimbe nawo imfa monga timaphimbira maliro ndi nsalu. Nchifukwa chake ndi ofewa chotere, ndipo nchifukwa chakenso sakwana pamene pakufunika kunena kuti wina anakhetsa magazi.

Pali chinanso chimene chimandiwawa ndikamamvera achinyamata pa wailesi ndi pa Facebook, aliyense wangoti falecido uje, falecido uje m'Chipwitikizi, ena a mbali ya kumalire nawo angolemba RIP basi atha. Chonsecho tili ndi malemu, mawu abwinobwino.  Ndiye sikuti ndimadana ndi mawu obwereka ayi, bomba ndi buku zomwe ndalemba pamwambapa nazonso nzobwereka. Chimene ndimakana nkubwereka khasu kwa aneba lako lili pakhonde. Ana anu anene kuti malemu a Mondlane, ndipo kaulemu ka "a" kameneko asakasiye, Eduardo Mondlane mbwee popanda "a" zimamveka ngati ukuitana mnzako wosewera naye mpira. Mayina a anthu akale a kunja ngati Gutenberg sindikakamiza, tinazolowera kuwatchula choncho.

Za obadwa nazo pali kamsampha. Anabadwa ndi anabadwira si chimodzi. Tsiku limayenda ndi anabadwa, malo amakoma ndi anabadwira. Felix Mendelssohn, wopeka nyimbo wa ku Germany, anabadwa pa 3 Febuluwale 1809, anabadwira ku Hamburg. A Mondlane anabadwa pa 20 Juni 1920, anabadwira ku Manjacaze m'chigawo cha Gaza. Ndikudziwa ambiri masiku ano amangoti anabadwa ku Furancungo, anabadwa ku Zóbuè, ndipo timamvana, sindingamulembere mwana cholakwa pa chimenecho, koma khutu langa limafunabe -ira uja, chimodzimodzi timati anakulira kwakuti, anafera kwakuti. Onani apanso kufera kwabweranso ndi ntchito ina, anafera ku Dar es Salaam ndi malo, anafera dziko ndi chifukwa, mawu amodzi omwewo.

Mwina mufunsanso za anaphedwa ndi adaphedwa. Kwathu ku Angónia akuluakulu ambiri amati adabadwa, adaphedwa, ndipo ine pa nkhani zakalekale ngati za 1915 ndimakonda -da- chifukwa amamveka kuti zinapita ndithu. Koma -na- ndiye wafala m'mabuku ndi m'manyuzi, ine ndemwe ndamugwiritsa ntchito pano. Sankhani mmodzi muyende naye kuyambira pamwamba mpaka pansi, osati mzere uno anabadwa mzere winawo adaphedwa.

Dzina la mwezi ndiye musavutike nalo mtima. Febuluwale ndi Chingerezi chovala nsalu ya Chichewa, ife kuno pakamwa timati Fevereiro chifukwa sukulu tinaphunzira m'Chipwitikizi, onsewo ndi alendo, agogo anga amangoti mwezi wa njala chimanga chisanakhwime. Polemba m'Chichewa ine ndimalemba Febuluwale kuti wa ku Lilongwe ndi wa ku Chipata awerenge osapunthwa, koma mwana akaimirira nkunena kuti pa 3 Fevereiro musamudule pakamwa. Ngwazi nayo isakuopseni, abale athu a ku Malawi akamva mawuwa amaganiza za Kamuzu Banda yekha poti linali dzina lake laulemu, koma ngwazi inalipo Kamuzu asanabadwe, ndi munthu wolimba mtima amene amaima patsogolo pamene ena akuthawa. Tsiku la Ngwazi ndi Chichewa chabwino cha Dia dos Heróis.

Ndiye pa pepala lanulo fufutani mzere uja mulembe kuti, pa 3 Febuluwale 1969 a Eduardo Mondlane, mtsogoleri woyamba wa FRELIMO, anaphedwa ndi bomba ku Dar es Salaam, anafera dziko lawo. Mwana amene adzawerenge mzere umenewu mumuuze asathamange, akafika pa anaphedwa apume pang'ono kenako amalize.