Kalilole wokongoletsa wolemekeza amayi: poyambira pake

Mwafunsa kuti mungatengere chitsanzo kuti popanga kalilole wapakhoma wokumbutsa miyambo yamakedzana komanso wolemekeza amayi. Ine ndikuona kuti poyambira pabwino ndi ku Egypt wakale.

Akalilole akumeneko sanali agalasi, koma anali zitsulo zobulungira zamkuwa kapena zasiliva zopukutidwa mpaka kunyezimira, ndipo kawirikawiri ankaziphwatalitsa pang'ono pamwamba ndi pansi kuti zifanane ndi dzuwa likamatuluka. Luso lenileni linali pa chogwirira, chimene ankachisema ngati phesi la gumbwa, ngati mtsikana woimirira, kapena ngati nkhope ya Hathor, mulungu wamkazi wa chikondi, kukongola ndi nyimbo, amene amadziwika ndi makutu ake a ng'ombe. Chitsanzo chooneka bwino ndi kalilole wa mwana wamkazi wa mfumu, Sithathoriunet. Kaliloleyu anapezeka ku Lahun, m'dziko la Egypt, mu 1914: ndi wasiliva, chogwirira chake ndi cha mwala wakuda wonyezimira, ndipo nkhope ya Hathor ndi yagolide.

Popeza wanuyo ndi wopachika, chogwiriracho musachitaye, koma chilendewere kunsi kwa galasi monga chokongoletsa, mwinamwake chosemedwa pa mtengo wolimba. Ndikukulangizani kuti musankhe chizindikiro chimodzi chokha, chifukwa mukaunjika nkhope, maluwa ndi zilembo zakale pamodzi, maso amasowa pogwira ndipo chithunzi cha mayiyo chimabisika. Zilembozo musazikopere musanadziwe tanthauzo lake, pakuti zina ndi mapemphero a m'manda. Mukagwiritsa ntchito mkuwa, muupake vanishi woonekera kuti usade msanga ndi chinyezi.