Yankho kwa amalume pa za chitsulo cha ku China

Eya amalume, ndalimva funso lanu lija, loti zinkatheka bwanji kuti a ku China akale azithira chitsulo m'chikombole ngati phala, pomwe makolo athu ankachita kusula ndi nyundo. Nkhani yagona pa makala ndi mphepo.

Chitsulo pachokha chimasungunuka pa madigiri 1,538. Ng'anjo za kwathu sizinkachisungunula, zinkatulutsa chibuma chosakanikirana ndi zinyalala, chofunika kuchimenya chili chamoto. Koma chitsulo chikamwa kaboni wa m'makala, magawo ngati 4 pa 100, chimayenderera pa 1,150 basi. A ku China anali atazitulukira zimenezi pofika zaka za m'ma 400 BC. Ng'anjo yaitali, makala ndi miyala ya chitsulo mosanjikiza, laimu pang'ono woti akoke zinyalala, ndiye mivukuto osapuma, usana ndi usiku.

Mphepo ikangochepa, ng'anjo imazizira, chitsulo n'kuumira m'kati momwemo. Ku Guxing, kufupi ndi Zhengzhou, anafukula chibuma chotere choposa matani 20. Tangoganizani makala amene anapita pachabe! Ng'anjo yakeyo pansi inali mamita 4 mlitali, 2.7 mlifupi, yobulungira ngati dzira kuti mphepo izifika pakati. M'chaka cha 31 AD, Du Shi, bwanamkubwa wa dera la Nanyang, anayamba kupukusa mivukuto ndi mphamvu ya madzi.

Vuto lina, chitsulo chothira sichipirira. Khasu lake likagunda mwala limaphwanyika ngati phale. Ndiye ankalibwezera mu uvuni pa madigiri 900 kapena kupitirira, masiku angapo, kuti lifewe. Mukalitulutsa msanga, kunja kokha n'kumene kwapsa, m'kati likadali losweka.

Tikanena za malonda a chitsulochi, poyamba anali a anthu wamba, ndipo banja la Zhuo ku Linqiong linalemera nazo koopsa. Mu 117 BC Mfumu Wudi inalanda zonse, chitsulo ndi mchere, kuti ipeze ndalama za nkhondo. Wopezeka akusungunula mobisa ankamumanga unyolo phazi lamanzere. Pa mtsutso wa nkhaniyi umene unachitika kubwalo la mfumu mu 81 BC anthu anadandaula kuti zipangizo za boma n'zodula, zobuntha, udzu womwe osadula, ndipo mlimi amayenda mtunda wautali n'kukapeza wogulitsa palibe, nyengo yolima ikudutsa.