Mbiri ya agogo aakazi yambani kuchikazi

Achemwali, mwafunsa kuti mbiri ya agogo anu aku Dowa muyambira pati poti anali mlimi chabe ndipo alibe ngakhale pepala la tsiku lobadwa. Musavutike ndi mapepala, yambani kuchikazi. Ngati agogo aamuna anabwera pa chikamwini ndiye kuti munda womwe agogo aakaziwo ankalima unali wa amayi awo, ndipo amene amadziwa bwino mzere wonsewo ndi atsibweni kapena mwini mbumba, osati akuchimuna. Koma ngati agogo aakaziwo anatengedwa chitengwa mukafufuze kaye mudzi womwe anachokera, dzina loti Naphiri kapena Nabanda palokha silikuthandizani kwenikweni, alipo mudzi uliwonse.

Za zaka musawafunse akuluakulu manambala, mungowasokoneza. Funsani kuti pa njala ya 1949 anali atatha msinkhu kapena ankaberekedwa kumbuyo, nanga pomwe Kamuzu ankabwera mu 1958 anali ndi ana angati. Afunseninso ngati amuna a agogowo anapita ku Wenela, kukagwira ntchito ku migodi ya ku Joni, chifukwa azimayi ambiri nthawi imeneyo ankatsala okha, kulima chimanga ndi mtedza, kusinja pa mtondo, kusenza madengu kupita nawo ku ADMARC, kulera ana uku akudikira ndalama ya ku Joni yomwe mwina siinkafika nkomwe, mpaka Kamuzu anaimitsa Wenela mu 1974 ndege yonyamula anthu a Wenela itagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana.

Ngati anali a Chigwirizano ku CCAP pitani kutchalitchi, mabuku a ubatizo ndi ukwati mwina akadalipo. Ndipo jambulani mawu pa foni, ana amene anamwalira ali aang'ono muwalembenso, anthu amakonda kuwadumpha powerenga.