Bwanji "n'komwe" sayenda yekha?

Mphunzitsi wina wa ku Luchenza wanditumizira imelo. Mwana wa Sitandade 7 analemba kuti "Ndinamuona n'komwe." Iwo anadula ndi cholembera chofiira, koma mwanayo atafunsa cholakwika, anangoti kukamwa yasa. Ndiye akufuna ndiwathandize choyankha.

Aphunzitsi, simunalakwe kudula. "N'komwe" ali ngati mbande za tiyi ku nazale, zimene zimafuna mthunzi. Mthunzi wake ndi kukana. Sindinamuone n'komwe. Anachoka osatsanzika n'komwe. Mukachotsa si- kapena -sa- uja, chiganizo chimafota pomwepo.

Mwa mawu ena amene kukana kumawakhudza, amene amandikomera kwambiri ine ndi "kanthu". Tsiku lina pa Chitakale, chiperoni chili tsaa, mayi wa nanazi anandidandaulira kuti, "Achimwene, chifikireni m'mawa sindinagulitse kanthu." Apa kanthu ndiye kuti ngakhale nanazi imodzi. Koma mayi yemweyo ataloza bambo wina wa galimoto n'kunena kuti "awo ali ndi kanthu", ankanena za thumba lolemera. Liwu lomwelo, kukana kwalitembenuza. "Konse" nayenso: "ndayenda konse" ndi malo onse, pamene "sindinayende konse" ndi munthu amene sanasunthe phazi.

Aliponso oopa mthunziwo. "Minibasi yapita kale" ndi Chichewa chabwinobwino, koma pokana timati "sinapite" kapena "sinapitebe". "Kale" uja amatsalira.

Akatswiri a zilankhulo amawatcha negative polarity items mawu ngati "n'komwe". Edward Klima analemba za any ndi ever a m'Chingerezi mu 1964, ndipo mu 1979 William Ladusaw anafotokoza chimene kukana kumachita. Ndikati "ndadya chipatso", simungadziwe ngati ndi nanazi. Ndikati "sindinadye chipatso", mwadziwa kale kuti nanazi, nthochi ndi mapeyala, zonse sizinalowe m'kamwa mwanga. Kukana kumasesa kuchokera pa gulu lonse mpaka pa kachinthu kakang'ono, ndipo mawuwa ntchito yawo ndi kutsindika kuti ngakhale kakang'onoko sikanatsale. Popanda kukana alibe chotsindika.

Mwanayo musamuloweze lamulo. Lembani pabolodi "Sanadye n'komwe", muchotse kukana kuja kuti chikhale "Anadya n'komwe", kenako awerenge mokweza. Kalasi yonse iseka musanafotokoze n'komwe.